Lipoti la maphunziro a aphunzitsi a sayansi, kwa anzanga a m'kilasita yathu

Aphunzitsi anzanga a sayansi, pamodzi ndi a mahedi athu, ndabwerako kumaphunziro kumene munandituma pa holide yapitayi. Zikomo pondikhulupirira. Malisiti a ulendo ndi malo ogona ndapereka kale kwa asungichuma, choncho pano ndingonena za ntchito.

Munandipatsa funso loti ndipite nalo. Sukulu zathu zambiri kuno ku Dedza ndi ma CDSS opanda labotale, ndipo kumene chipindacho chilipo mashelefu ake ali mbee. Nanga tiphunzitsa bwanji Biology, Chemistry ndi Physics kuti mwana asakagwire test tube koyamba tsiku la pulakitiko ya MSCE? Funsoli ndinalifunsa pagulu, ndipo ndinapeza kuti anzathu a maboma ena akulira chimodzimodzi.

Otiphunzitsa anayamba ndi kutikumbutsa njira za ASEI ndi PDSI za pulogalamu ya SMASSE yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'masekondale, ija inayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan n'kudzafika kuno kwathu mu 2004. Ambiri mwa inu mukuzidziwa: mwana azichita yekha ndi manja ake, phunziro lizikhala pa iye, tiziyesa zinthu, ndipo chida chikasowa tizipanga chathu, kenako mphunzitsi akonzekere, aphunzitse, aone pamene zavuta, akonzenso. Anatchulanso TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, imene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa kwa zaka zambiri. Kunena zoona, ola loyambalo ndinkaona ngati ndabwerera nkhani yakale. Maganizo anga anasintha atalowetsa mbaula m'chipindamo.

Anatereka mpoto wa madzi, n'kutiuza kuti aliyense alembe papepala kuti madziwo awira thermometer ikafika pati. Tonse, aphunzitsi athunthu, tinalemba 100. Madzi anayamba kubwadamuka, thermometer inakwera n'kuima pafupi ndi 96, osasunthanso. Wina anati chidacho n'chakufa. Anabweretsa china, nacho chinaima pomwepo. Tinakangana kwa kanthawi mpaka mayi wina wophunzitsa Physics anafunsa kuti kodi malo amene tinali ndi okwera bwanji. Tinali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu akamakwera, mpweya umene ukupsinja pamwamba pa madzi umachepa, ndiye madzi amawira asanafike 100, ndipo pa mamita 300 alionse pamatsika pafupifupi digiri imodzi. Pa boma pathu pano, pamene tili pafupi ndi mamita 1,600, madzi amawira cha pa 95. Ku Nsanje, kumene kuli kotsika kwambiri, ndi kumene 100 wa m'buku uja amaoneka.

Zinandikhudza chifukwa ndinakumbukira tsiku lina mwana wa Fomu 2 atawerenga 95, ine n'kumuuza kuti alembe 100 poti thermometer yathu ndi yakale. Mwanayo anaona zoona, ine ndinamuphunzitsa kusakhulupirira maso ake. Ndikufuna ndikabwereze phunziro limenelo ndi kalasi yomweyo.

Chimene ndabwera nacho chachikulu chili pa kapepala kaja. Tisanayese chilichonse, mwana aliyense alembe chimene akuganiza kuti chichitika ndi chifukwa chake. Kenako aone. Pomaliza afotokoze yekha chifukwa chimene zimene waona zagwirizana kapena zasiyana ndi zimene analemba. Tikapanda kutero, ana amangoonerera ngati matsenga, amaomba m'manja, mawa lake aiwala. Amene walemba 100 n'kuona 95 sagona mpaka adziwe chifukwa. Tinayesanso ndi mwala womangirira ku chingwe cha mita imodzi. Ambiri tinalemba kuti mwala waukulu uzilendewera mofulumira kuposa waung'ono, koma yonse iwiri inatenga masekondi pafupifupi 20 kupita ndi kubwera ka 10. Nthawi inasintha titafupikitsa chingwe. Pamafunika ulusi, miyala ndi wotchi ya pa foni basi.

Gawo limene ndinalikonda koposa linali la ma asidi ndi ma alkali, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa mutu umenewu timauphunzitsa ndi choko chokha poti litmus, timapepala tosintha mtundu tozindikirira asidi ndi alkali, anatha kalekale. Tinatenga chidede chofiira chija, n'kuchinyika m'madzi otentha mpaka madziwo anafiira, n'kusefa ndi kansalu. Tinagawa m'mabotolo apulasitiki odula pakati. M'botolo lina tinadonthezera madzi a mandimu, lina a malambe, lina a bwemba: onse anafiira kowala. Titathira chidulo mtundu unatembenuka n'kukhala wobiriwira. Chidulo chomwechi chimene agogo amasungunula kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a nthochi n'kuphikira therere. M'phulusamo muli potassium carbonate, ndiye chidulo ndi alkali weniweni, n'chifukwa chake chimatelera m'zala ngati sopo ndi kufewetsa ndiwo msanga. Mnzathu wa Biology anaonjezera kuti chidulo ndi soda zikachuluka zimaononga vitamini C m'masamba, mfundo imene mwana angakaifikitse kunyumba tsiku lomwelo.

Sitinalekere pa mitundu. Tinatenga masirinji atsopano a ku famase, opanda singano, n'kuyeza mamililita 10 a chidulo chothira chidede, kenako n'kumadonthezamo madzi a mandimu pang'onopang'ono, tikuwerenga mamililita, mpaka kufiira kunabwerera. Gulu lililonse linabwereza katatu n'kupeza avereji. Magulu anasiyana mayankho, ndipo m'malo mobisa, wotiphunzitsa analemba onse pabolodi n'kufunsa chifukwa. Ena anati mandimu sanali ofanana kuwawasa, ena anati maso athu saona kusintha kwa mtundu pa nthawi imodzi. Mwana amene wachita zimenezi ku Fomu 2 akadzakumana ndi burette, chida cha mu labotale chodonthezera madzi moyeza, ku Fomu 3 adzakhala akudziwa kale chimene akufunafuna.

Za ma enzyme, zinthu za m'zamoyo zimene zimafulumizitsa kusintha monga kugaya chakudya, tinaphunzira ndi chimera. Phala la ufa woyera tinaligawa m'makapu atatu litazirala n'kukhala lofunda. Loyamba tinalisiya, lachiwiri tinathira chimera, lachitatu tinathira chimera chimene tinayamba tachiwiritsa. Patapita nthawi phala lachiwiri linamasuka n'kukhala lamadzimadzi, ena awiriwo ali gwa. Dontho la ayodini wa ku famase linadetsa phala loyamba ndi lachitatu kuti bii, pamene pa lachiwiri mtundu unali wofooka, kusonyeza kuti amylase, enzyme ya m'chimera, wayamba kuphwanya sitachi kukhala shuga. Mayi aliyense wophika thobwa amadziwa kuti chimera sathira phala lili moto, amadikira lizirale. Zimene ife timalemba pabolodi zoti kutentha kumaononga enzyme, iwo anazidziwa kale pa mafuwa. Tipatse ana ntchito yokafunsa kunyumba kaphikidwe ka thobwa tisanayambe mutuwu, ndipo kapu yoyamba ija isaiwalike, pakuti ndi imene imaphunzitsa tanthauzo la control, chosakhudzidwa chofanizira nacho zinazo.

Panabuka mkangano pang'ono pa nkhani ya kachasu. Ena anati ndi chitsanzo chabwino cha distillation, kapena kuti kutcheza, chifukwa ana ambiri anaonapo mtsuko, mpope ndi madzi oziziritsira, ndiponso ethanol amawira pa madigiri 78, madzi asanawire. Ena anati makolo ndi a mipingo sangamvetse. Tinagwirizana kuti kutchula ndi kujambula n'kololeka, koma m'kalasi tizitcheza madzi amchere pogwiritsa ntchito ketulo, kapaipi ndi botolo lomizidwa m'madzi ozizira. Ine ndinavomera zimenezi.

Zina ndingozitchula mwachangu. Mphutsi za udzudzu m'botolo lotseka ndi kansalu zimaonetsa kakulidwe ka udzudzu, ndipo ana atha kusiyanitsa okha: za Anopheles, wofalitsa malungo, zimagona chopingasa pamwamba pa madzi, pamene za Culex zimalendewera mutu pansi. Mabotolo awiri odula cham'litali, lina dothi lokhalokha lina dothi la kapinga, kuthira madzi ofanana n'kulandira otuluka m'makapu, amaphunzitsa kukokoloka kwa nthaka kuposa ndime zitatu za manotsi. Mabatire a tochi a mavoti 1.5, timababu ta matochi akufa ndi waya wa mawailesi akale zikwanira kuphunzitsa njira ziwiri zolumikizira magetsi, series ndi parallel, ndipo mtima wa pensulo umadutsa magetsi.

Tsiku lina tinakambirana za chiyankhulo, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, koma mwana amaganiza m'Chichewa. Force, energy ndi power tonse timangoti mphamvu. Melting ndi dissolving timangoti kusungunuka. Mass ndi weight ndi kulemera basi. Mwana akalemba kuti shuga wachita melt mu tiyi timamuchonga cholakwa n'kumati ndi wofooka, chonsecho iye wamasulira molondola mawu amodzi amene ali nawo. Njira imene tinaonetsedwa ndi yoika zinthu ziwirizo pamodzi patebulo, kandulo ikusungunuka ndi moto uku shuga akusungunuka m'madzi ozizira, n'kuwalola ana akambirane m'Chichewa kusiyana kwake mpaka agwirizane, kenako n'kuwapatsa mawu awiri a Chingerezi kuti alembe. Kuletsa Chichewa pa nthawi yokambirana kumangotseka pakamwa ana amene anali ndi funso.

Pa za makalasi odzaza, palibe amene anabwera ndi mankhwala. Chimene chinathandiza ndi kugawa ntchito m'gulu: woyeza, wowerenga nthawi, wolemba, wofotokozera kalasi, wosamala zida, n'kumasinthana phunziro lililonse. Mayi wina anatifunsa kuti tikumbukire pulakitiko yathu yomaliza, ndani anagwira zida ndipo ndani analemba ndi kutsuka mabotolo. M'chipindamo munati zii. Kwa ambiri a ife anyamata ndiwo amathamangira zida, atsikana n'kutsalira cholembera ndi beseni. Kusinthanaku kuyenera kulembedwa papepala ndi mphunzitsi, apo ayi zibwerera mwakale. Anatilangizanso kuti zida za gulu lililonse zizikhala zokonzeratu m'katoni yakeyake dzulo lake, chifukwa piriyodi ya mphindi 40 imathera pa kugawa zinthu.

Pali pamodzi pamene sindinagwirizane ndi anzanga ena, ndipo ndinanena m'dzina lanu. Pofika tsiku lomaliza ena anatengeka mpaka kunena kuti labotale si yofunikanso. Ndinakana. Sirinji siphunzitsa kuwerenga meniscus, kupindika kwa pamwamba pa madzi, pa burette, botolo lodula si measuring cylinder, ndipo palibe chida cha m'mudzi chimene chingaonetse mwana maselo a anyezi monga microscope imachitira. Mwana wathu adzalemba pepala limodzi ndi wa sukulu imene ili ndi zonse. Chidede ndi chimera zimamanga maganizo, koma manja ake ayenera kugwirapo zida zenizeni mayeso asanafike. Tisalole luso lathu lopanga zida likhale chifukwa choti pempho la labotale liiwalike. Wina anatchula William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Ndinamuyankha kuti nayenso anali ndi kalaibulale kumene anabwereka mabuku, ndipo ana athu ena alibe ngakhale kameneko.

Ambiri anadandaulanso kuti silabasi ndi yaitali, tikamayesa chilichonse sitimaliza. Ndi zoona. Maganizo anga ndi akuti tisankhe kuyesa kumodzi kwabwino pa mutu uliwonse waukulu, kumene kukugunda pamene ana amasokonekera kawirikawiri, n'kukuchita mosathamanga.

Chitetezo otiphunzitsa anatsindika kwambiri, nanenso nditsindike. Poyesa sitachi m'tsamba, sipiriti asayandikire moto: zimitsani kapena chotsani mbaula, botolo la sipiriti muliike m'madzi otentha. Magetsi a ESCOM a mavoti 230 si oyesera, tigwiritse mabatire okha. Masirinji akhale atsopano, osatola ogwiritsidwa kale ntchito. Ana asatumidwe kukagwira nkhono za m'madambo kuopa likodzo, ndipo mabotolo a mphutsi za udzudzu atayidwe pouma udzudzuwo usanatuluke. Chilichonse chimene chathiridwa ayodini asalawe, ngakhale ndi phala. Tikaonetsa kusefa madzi ndi mchenga ndi makala, tinene momveka kuti kuyera kwa madziwo sikuchotsa tizilombo ta kolera, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Tsopano zimene ndikupempha kuti tikagamule pa msonkhano wathu wa kilasita ukubwerawu. A mahedi, tikupempha kandalama kochepa pa sukulu iliyonse kogulira ayodini, masirinji, mabatire, sipiriti ndi thermometer ziwiri, ndi katoni kapena kabati yokhoma yosungiramo. Tikupemphanso kuti mukalankhule ndi anzathu a sukulu imene ili ndi labotale m'kilasita muno, kuti ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 azipitako Loweruka kangapo pa teremu kukagwira burette, ammeter ndi microscope, ife eni tikuwaperekeza ndi kusamala zida. Kwa aphunzitsi anzanga, ndikufuna tiyambe kuonererana maphunziro awiriawiri, osati kuti tipezerane zifukwa, koma kuti wina akhale kumbuyo akulemba mayankho olakwa amene ana akupereka, chifukwa wophunzitsayo sangawamve onse.

Ine ndiyamba. Tsiku la msonkhanolo ndidzaphunzitsa phunziro la chidede ndi chidulo kwa ana a Fomu 2 inu mukuona, ndipo mudzandiuze pamene zavuta. Aliyense abwere ndi mabotolo apulasitiki asanu otsuka ndi mandimu angapo. Amene muli ndi chidede kumunda kapena mungachipeze pamsika, yanikani pamthunzi n'kusunga m'pepala louma, chifukwa nyengo yake ikapita tidzachisowa teremu yonse.