Seva ya DNS ya mu ofesi isamayankhe aliyense wa pa intaneti

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzanga osamalira makompyuta m'makampani, m'masukulu ndi m'mabungwe. Nkhani yanga ndi ya ma seva a DNS, aja amasandutsa dzina la webusaiti kukhala nambala ya IP kuti kompyuta idziwe kolowera. Paul Mockapetris anakonza dongosololi mu 1983, ndipo poti limagwira ntchito mwakachetechete, ambiri amalikumbukira tsiku limene intaneti yazima basi.

Chimene chimandinyansa ndi chizolowezi chosenzetsa makina amodzi ntchito ziwiri. Seva yakunja ntchito yake ndi kuuza dziko komwe kuli webusaiti ndi imelo za bungwe, n'kuthera pomwepo. Yamkati ndiyo imafunsira ogwira ntchito maadiresi a masamba ena, komanso imasunga mayina a zipangizo za mu ofesimo, monga printa, makamera ndi kompyuta ya malipiro. Mukaziphatikiza, zamkati zija zimaonekera poyera. Munthu ali kunyumba kwake amangolemba dig, pulogalamu yofunsira ma seva a DNS, n'kupempha zone transfer, ndiko kuti kope ya mayina onse amene sevayo imasunga, ndipo ngati khomo silinatsekedwe, mndandanda wonse umatsika pa sikirini: mayina onse, maadiresi oyamba ndi 10 kapena 192.168, mpaka seva yakale yoyeserera imene aliyense anaiiwala kalekale. Mbala mwaipatsa mapu a nyumba isanagogode n'komwe. Zone transfer iziloledwa kwa ma seva anu othandizira okha, aja osunga kope ya mayinawo, ndipo pakhale kiyi yachinsinsi ya TSIG yotsimikizira wopemphayo.

Choipa china n'chakuti ulesi wanu umakapweteka wosalakwa. Seva imene imafufuzira aliyense mayankho, imene amaitcha open resolver, ndi chida cha achiwembu. Amaitumizira kafunso kakang'ono atanamizira adiresi ya munthu wina, chiyankho chachikulu n'kukagwera mwini adiresiyo. Akachita zimenezi ndi ma seva ambirimbiri nthawi imodzi, munthuyo amamira. Ndi mmene anaukirira Spamhaus, bungwe lolimbana ndi imelo zachabechabe, mu Malichi 2013, pamene chigumulacho chinafika pafupifupi ma gigabit 300 a data pa sekondi iliyonse. Komatu mankhwala ake ndi mizere yochepa chabe. Mu BIND, pulogalamu yoyendetsera ma seva a DNS, seva yakunja ilembedwe recursion no kuti isamafufuzire anthu mayankho, ndipo yamkati iziyankha maadiresi a netiweki yanu okha. Ine ndimakonda pulogalamu ya Unbound mkati ndi ya NSD kunja, chifukwa iliyonse inapangidwira ntchito imodzi, choncho mpata wolakwitsa umachepa.

Ena amanyada kuti ali ndi ma seva awiri, koma ukapita kukaona, onse ali m'chipinda chimodzi, magetsi amodzi, waya mmodzi. Kwa ine imeneyo ndi seva imodzi. Chikalata cha malangizo a intaneti cha RFC 2182 chinanena kale mu 1997 kuti ma seva othandizira azikhala pa netiweki ina komanso kumalo ena. Ngakhale akuluakulu zinawaonekera. Pa 21 Okutobala 2016 kampani ya Dyn, imene inkayendetsera makampani ena ma seva a DNS, itaukiridwa, anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook inasowa pafupifupi maola 6, ma seva ake a DNS atasiya kufikirika, ndipo zida zambiri zamkati zimene amisiri akanakonzera vutolo zinagwera limodzi. Manambala a makina ofunika kwambiri muzikhala nawo penapake posadalira DNS, ngakhale papepala.

Pa mayina amkati, chonde lekani kupeka. Dzina lothera .local linasungidwira ntchito ina, ya mDNS, njira imene makina amapezerana pa netiweki imodzi popanda seva, n'chifukwa chake makina ena amasokonezeka nalo. Gwiritsani ntchito nthambi ya dzina limene munalembetsa kale, kapena .internal imene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, inapatula mu 2024. DNSSEC, njira yosainira mayankho a DNS kuti asapekedwe, nayo ndi yabwino, koma siginecha zake zimatha nthawi. Ngati palibe woziyang'anira, webusaiti yanu idzazimiririka yokha popanda mdani aliyense.

Kwa mabwana amene simudziwa zamakinazi, pempho langa ndi losavuta. Muuzeni mmisiri wanu achoke pa Wi-Fi ya ofesi, alumikize laputopu ku data ya foni, afunse seva yanu yakunja adiresi ya Google inu mukuona. Ikayankha, ndiye kuti ndi open resolver, asaweruke asanatseke khomo limenelo.

Ine wanu,
Mmisiri wa makompyuta