Mankhwala akasowa m'mafamase a ku Johannesburg

Akonzi,

Ndiloleni ndifotokozere Amalawi anzanga okhala kuno ku Johannesburg zimene ndinakumana nazo pofunafuna mankhwala a amayi anga, omwe amadwala matenda othamanga magazi. Ndinayenda mafamase anayi, kuyambira ku Rosettenville mpaka ku Hillbrow, kalata ya dokotala ili m'manja, koma konseko ankangopukusa mutu, pamene m'kabotolo ka amayi munali mutatsala timapiritsi tiwiri tokha.

Amene anandithandiza ndi wogwira ntchito m'famase ina, yemwe anandiuza kuti dzina lalikulu la pabokosi ndi la malonda chabe, ndipo dzina lenileni la mankhwala limalembedwa m'munsi mwake ndi zilembo zazing'ono. Malamulo a dziko la South Africa amalola katswiri wa m'famase kupereka mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina, bola ngati dokotala sanaletse polemba kalatayo. Anandipatsa tsiku lomwelo, pamtengo wotsikirapo.

Ndikupempha abale amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi kuti afunse kuchipatala chawo za ndondomeko ya boma ya CCMDD, yothandiza odwala matenda okhalitsa kukatengera mankhwala awo pamalo apafupi ndi kwawo, komanso kuti ayambe kufufuza kudakali sabata imodzi mankhwala asanathe.

Ine wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg