Meya timasankha tokha, koma mphamvu zili kwa ena

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhe anzathu amene akuti mzinda wa Lusaka ubwerere ku zakale, pamene makhansala ankasankha meya pakati pawo. Ife tikukana.

Malamulo a dziko lino la Zambia atasinthidwa mu 2016, tinayamba kuvotera meya tokha pa 11 Ogasiti chaka chomwecho, kuti akhale pampando zaka zisanu. Oyamba anali a Wilson Kalumba. Atamwalira mu 2018 tinasankha a Miles Sampa, kenako mu 2021 mayi Chilando Chitangala. Kale meya ankagwadira makhansala amene anamuika pampando. Lero mayi wogulitsa tomato ku msika wa Soweto naye ali ndi pomugwirira, ndipo ufulu umenewu sitingaubweze.

Chimene chikutipweteka n'chakuti meya tinamupatsa mkanjo ndi unyolo wa m'khosi, makiyi n'kupatsa ena. Meya amatsogolera msonkhano wa khonsolo ku Civic Centre, koma mfundo zimadutsa ndi mavoti a makhansala. Town Clerk, amene amayang'anira antchito ndi ndalama tsiku ndi tsiku, amalembedwa ntchito ndi bungwe la boma la Local Government Service Commission. Ntchito ikaima, meya sangamuchotse. Madzi a m'mipope nawo ali ndi kampani yake.

Onani za ngalande. Mu 2022 ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'zigawo za aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa chigawo chilichonse cha phungu. Zabwino ndithu. Koma pa chisankho cha 2021 Lusaka inali ndi zigawo 7, ndipo madzi a mvula sadziwa malire. Chigawo china chikakumba ngalande yake, choyandikana nacho n'kusankha kumanga kalasi, madzi amafika pothera konkire n'kubwerera m'makomboni. Ku Kanyama mwala uli pafupi ndi pamwamba ndipo malo ndi athyathyathya, motero zimbudzi zokumba zimasefukira n'kulowa m'zitsime zosaya. Kolera amayambira pamenepo. Mu Januwale 2024 odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium. Meya, munthu mmodzi yekha wa mu khonsolo amene mzinda wonse unamuvotera, alibe thumba lolumikizira ngalande zimenezo.

Tikupempha kuti meya azikhala ndi mawu posankha Town Clerk, ndipo awiriwa azisainirana pangano la ntchito chaka ndi chaka: makilomita angati a ngalande, magalimoto angati otaya zinyalala ku Chunga. Pakhalenso thumba lapadera la ntchito zodutsa malire a zigawo. Akuti meya wotero adzakula mtima. Mankhwala ake alipo: bajeti azivomerezabe makhansala, ndipo miyezi itatu iliyonse khonsolo izikhoma pa misika ndi pa masiteshoni a basi pepala losonyeza ndalama zimene yatolera ndi kumene zapita. La mu Okutobala lizitchulanso ngalande zimene zafukulidwa mvula ya Novembala isanagwe.

Ndife,
Okhala mu Lusaka