Lipoti la msonkhano wa zisudzo zosabisa zingwe

A Wapampando ndi anzanga nonse a m'gulu,

Munandituma kuti ndikamve zomwe anzathu oyesa njira zatsopano za zisudzo akuchita. Za ndalama ndi malo ochitira masewero zinakambidwa mwachidule, ndipo panalibe chachilendo. Nthawi yambiri inathera pa funso limodzi: kodi oonerera tiziwabisira kuti zonse za pa nsanja n'zopanga?

Ambiri anati tisabise. Ena anatchula Bertolt Brecht, wolemba ndi kutsogolera masewero wa ku Germany, yemwe ankasiya nyali za pa nsanja poonekera kuti woonerera asatengeke mpaka kuleka kuganiza. Ine mbali imeneyi sinandikhudze kwenikweni. Chinandigwira mtima ndi Tadeusz Kantor, wotsogolera masewero wa ku Poland. M'sewero lake la mu 1975 ku Kraków, nkhalamba zinabwerera pa mabenchi a m'kalasi zitanyamula zidole za ana, zoimira ubwana wawo womwe unafa kalekale. Kantor mwiniwake ankakhala pa nsanja pomwepo sewero lili mkati, n'kumawongolera ndi manja. Palibe chinabisika, koma chisoni chake sichinachepe.

Tinaonanso zithunzi za Bunraku ya ku Japan, momwe anthu atatu amayendetsa chidole chimodzi poyera: wamkulu agwira mutu ndi dzanja lamanja, wina lamanzere, wachitatu miyendo. Chimodzimodzi chidole cha hatchi cha gulu la Handspring la ku Cape Town, chomwe chinaonetsedwa ku London mu 2007. Mafupa ake ndi timitengo topindika, oyendetsa hatchiyo ali mkati akuoneka bwinobwino, koma chifuwa chikangokwera ndi kutsika, munthu amavomereza kuti ikupuma. Apa mpomwe ndinamvetsa: timachitira chifundo chinthu chomwe tikuona kuti chikhoza kuthyoka nthawi iliyonse, ndiponso kuti moyo wake ndi wobwereka m'manja mwa ena.

Mkangano unalipo ndithu. Mayi wina wopanga zipangizo za masewero anadandaula kuti magulu ena amabwera osakonzekera, khoma la pepala likagwa n'kumati ndi luso. Ndinagwirizana nawo. Pepala loti ling'ambike pa mphindi yake limafuna kuyeserera kochuluka kuposa khoma la matabwa.

Pempho langa n'lakuti m'sewero lathu likubwerali, mwana wodwala uja akhale chidole cha mapepala, oyendetsa awiri asabisale, ndipo mipando tizisuntha nyali zikuyaka. Tikakumana, tiyambe ndi kuphunzira kupumitsa chidolecho tisanakhudze mawu. Omwe akutsutsa abwere atakonzeka, tidzavota tikatha kuyesa.