Kwa Tadala, za ukhansala wa amayi ako

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo sukulu ikuyenda. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, ntchito ndiyo yachuluka. Agogo ako andiuza pafoni kuti ukudandaula chifukwa masiku ano amayi ako sakhala pakhomo Loweruka, ndiponso wafunsa chimene anasiyira ntchito ya makompyuta ija. Wafunsa bwino mwana wanga. Poti ndine malume ako, ndipo amayi akowo tinakulira nyumba imodzi, ndikufotokozera.

Ali amsinkhu wako ankakonda kumasula zinthu. Tochi, wotchi, ngakhale wailesi ya agogo ako aamuna, zonse ankafuna kuona m'kati mwake. Atakula anakaphunzira za makompyuta ku Polytechnic ku Blantyre, sukulu imene lero akuitcha MUBAS. Kenako analembedwa ntchito yolumikiza makompyuta a m'maofesi kuti azitumizirana mauthenga. Netiweki ikagwa, foni yawo inkalira ngakhale pakati pa usiku, iwo n'kudzuka kukasakasaka pamene pavuta mpaka apapeze.

Atabwerera kumudzi ku Dedza, iwe uli wakhanda, anapeza mjigo wa pafupi ndi sukulu utafa. Atsikana ankalawirira m'bandakucha kukatunga madzi kudambo, n'kufika m'kalasi mochedwa, matope ali m'miyendo. Akuluakulu ankangoti boma libwera. Amayi ako anaitana makaniko wa mijigo. Iye anazula ndodo zachitsulo za m'katimo imodziimodzi, n'kumaziyala paudzu, ndipo kunsi kwenikweni anapeza kamphira katatha. Kamphirako kakhoza kukwana m'dzanja lako. Kanthu kochepa choncho ndi kamene kanasowetsa madzi mudzi wonse! Atasintha, madzi anatuluka tsiku lomwelo.

Wina akadalekera pomwepo, koma iwo anayamba kudzifunsa kuti mijigo ina yakufa ilipo ingati. Anayenda mudzi ndi mudzi, foni ili m'manja. Akafika pamjigo ankaujambula, n'kulemba pamene uli, chimene chawonongeka, ndiponso ngati komiti yake ili ndi ndalama zokonzetsera. Zonsezi anaziika pamapu: mjigo wotulutsa madzi kadontho kobiriwira, wakufa kadontho kofiira.

Mapuwo anapita nawo ku komiti ya chitukuko ya m'midzi, imene anthu amaitcha VDC. Kumeneko n'kumene anthu amakhala pansi ndi a gulupu awo n'kugwirizana zimene akusowa, kaya ndi mlatho, kaya ndi chipinda chophunziriramo. Zikachoka apo zimapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo, kumene amagawa ndalama. Amayi ako anaona kuti mawu a anthu akumudzi amayenda ulendo wautali, ndipo pamafunika munthu wowaperekeza mpaka akafike. Munthu ameneyo ndiye khansala. Dera limene amaimira limatchedwa wodi.

Udziwe kuti makhansala sanakhalepo nthawi zonse. Dziko lathu litabwerera ku ulamuliro wa zipani zambiri, anthu anasankha makhansala m'chaka cha 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, padapita zaka zambiri popanda chisankho china, mpaka 2014. Zaka zonsezo midzi inalibe woilankhulira ku khonsolo wosankhidwa pa ntchito imeneyi. N'chifukwa chake ine ukhansala sindiuona ngati mpando waung'ono.

Amayi a kumpingo ndi a m'makomiti a mijigo ndi amene anayamba kuuza amayi ako kuti aime nawo pachisankho cha makhansala. Anaganiza nthawi yaitali, chifukwa ntchito ya makompyuta inali ndi malipiro abwino kuposa zimene khansala amalandira. Ena ankanena kuti zimenezi n'za amuna. Sindinagwirizane nawo, ndipo iwenso usadzamvere mawu otere. Ukukumbukira tsiku lija anabwera kunyumba chala chili ndi inki? Panali pa 16 Seputembala 2025. Tsiku limenelo munthu aliyense anavota patatu: pulezidenti, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndi khansala. Papepala lachitatulo panali chithunzi cha amayi ako.

Usaganize kuti nzeru za makompyuta anazitaya. Ku khonsolo kukabwera mapepala a ndalama, amawerenga mzere uliwonse ndi kufunsa kuti iyi yapita kuti, monga ankachitira posaka waya woduka. Koma zambiri zimene akuchita tsopano sizichitikira pakompyuta. Amakhala pamphasa ndi agogo amene sadziwa kuwerenga, n'kumvetsera mpaka atamaliza kulankhula. Amapita kumaliro. Amapereka ulemu kwa mafumu, chifukwa popanda iwo palibe chimene chingayende m'mudzi. Midzi iwiri ikamalimbirana mjigo umodzi, amayenera kufotokozera mbali imene yatsalira chifukwa chake, maso ndi maso, ndipo zimenezo n'zopweteka. Akafika kunyumba atatopa, n'zimenezo zawatopetsa.

Ndikudziwa kuti umawasowa, ndipo kuwasowako si kulakwa. Uwauze ndithu, osabisa mumtima. Ndalankhula nawo, ndipo avomera kuti Lamulungu mukachoka kutchalitchi, masana onse akhale ako.

Ndikutume kanthu kamodzi. Uwapemphe akuonetse mapu aja pafoni yawo. Uwerenge timadontho tobiriwira ndi tofiira, undilembere kuti tilipo tingati, wekha ndi dzanja lako. Undiuzenso saizi ya nsapato imene ukuvala tsopano, chifukwa ndikubwera pa Khirisimasi.

Upereke moni kwa agogo ako ndi kwa abambo ako.

Ndine malume ako okukonda.