Musagulitse magalimoto akale ngati sikilapu

A Mkonzi,

Ndilole ndidandaule pang'ono kudzera mu nyuzipepala yathuyi, chifukwa masiku ano anyamata ogula zitsulo akuzungulira kwambiri kuno ku Lilongwe ndipo magalimoto akale akutha kudulidwa nkumagulitsidwa pa kilo ngati mapoto obooka. Sabata yatha anafika ndi kwathu ku Kawale, kuloza Morris Minor ya agogo anga amvekere bwana chimenechi mungotipatsa, chikungodya malo. Mtima unandipweteka zedi.

Galimoto imeneyi ndi Minor 1000 ya denga la tenti, lija mumalipinda kumbuyo nkumayenda mphepo ikukuombani. Mtundu wa Morris Minor unayamba kupangidwa mu 1948 ku Cowley, Oxford, anaijambula ndi Alec Issigonis, yemwe uja anadzapanganso Mini. Yathuyi ili ndi injini ya 948cc ndipo ilibe ma indiketa ophethira ayi, ili ndi timikono tija timatuluka m'mbali kuloza komwe mukukhotera, ana akationa amakuwa ndi chimwemwe.

Mbiri yake yonse ili mu bulu buku lomwe agogo aakazi anasunga mu sutikesi pamodzi ndi Baibulo, mapepala achita kufiira koma akuwerengeka. Mwini wake woyamba anali mzungu wina wa ku esiteti ya fodya, pobwerera kwawo nthawi ya ufulu mu 1964 anaigulitsa kwa agogo aamuna omwe anali aphunzitsi. Akuti pa maukwati onse a m'dera lathu akwati ankakwera imeneyi, denga atatsitsa, azimayi akululutira m'mbuyo. Agogo atamwalira anaitenga amalume, anayenda nayo mpaka injini inagogoda, basi nkuikankhira pansi pa mtengo wa mango. Inakhala pamenepo zaka zambirimbiri, nkhuku zimaikira mazira pampando wakumbuyo, makoswe anadya mawaya onse.

Kuikonza sinali ntchito yamasewera. Galimoto zimenezi zilibe chasisi chapadera, bodi lenilenilo ndi lomwe limanyamula zonse, ndiye dzimbiri litadya pansi ndi m'mbali munsi mwa zitseko galimoto inachita kuwerama pakati moti zitseko sizimatsekeka. Wowotcherera wa ku Mchesi anayamba waikamo zitsulo zogwiriziza kaye asanadule chilichonse, kenako kudula chidutswa, kuumba china ndi hamala, kuwotcherera, choncho mpaka miyezi itatu. Tenti anasoka ndi telala wa masofa ku Biwi potengera nsanza za yakale ija. Ma ring a pisitoni ndi magasiketi anabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, msuweni wanga ndi amene anasakasaka.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi madala ena amakaniko opuma, tsitsi lonse mbuu, omwe anatipulumutsa. Mnyamata wa zamagetsi, waluso ndithu pa ma Vitz ndi ma Sienta, anatsala pang'ono kulumikiza batire mmene anazolowera, madala aja anamugwira mkono nati mwana wanga dikira, iyi waya wopita ku bodi ndi wa positive osati negative, komanso ili ndi dayinamo osati alternator. Kabuleta ya mtundu wa SU anaichuna ndi khutu lokha. Pampu ya petulo itakana anangoigogoda ndi sipanala pang'ono, tinangomva ti-ti-ti yayamba kukoka. Tsiku lomwe galimoto inalira koyamba anaipukusa okha ndi hendulo kutsogolo, mayi anga anangokhala pakhonde misozi ili chuchuchu, akuti kulira kwake nkomwe kuja ankamva ali mwana bambo awo akamafika kuchokera ku sukulu madzulo.

Anthu odziwa zimenezi atsala ochepa a Mkonzi, ndipo akupita ndi nzeru zawo. Ndikupempha masukulu a ntchito zamanja aziwaitana madala oterewa adzaphunzitse ana athu, ndipo a khonsolo atipatseko malo ngakhale tsiku limodzi pa chaka tidzaonetse magalimoto akale, ku Blantyre anzathu amakaona zakale ku Chichiri nanga ife kuno ku likulu? Ndipo inu amene muli ndi Morris, Peugeot 404 kapena Land Rover yakale kuseli kwa nyumba, musathamangire kuitana a sikilapu, yambani mwafunafuna bulu buku lake. Yathuyi yatsala penti ndi mabuleki basi, mwezi wa mawa ndikufuna ndiwatengere mayi ku tchalitchi denga lili lotsitsa.

Wanu wowerenga,
Kawale, Lilongwe