Lipoti la ulendo wa ku Abisko, pa msonkhano wa masiteshoni a kafukufuku a kumpoto kozizira

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma ku Abisko, kumpoto kwa dziko la Sweden, kumene kunasonkhana oyang'anira masiteshoni a kafukufuku a m'madera ozizira pamodzi ndi aphunzitsi amene amapititsako ophunzira awo. Ena mwa inu munafunsa poyera kuti munthu wophunzitsa za chilengedwe kuno kotentha akukatani kudziko la chipale chofewa, ndipo funsolo linali loyenera popeza gawo la ndalama za tikiti ndi alawansi linachokera m'thumba la bungwe. Malisiti onse ndawapereka kwa a msungichuma, ndipo amene angafune kuwaona apeza kuti alawansiyo inathera pa chakudya ndi pa sitima yausiku yochokera ku Stockholm, chifukwa zinthu kumeneko ndi zodula kwambiri.

Siteshoni ya Abisko ili m'mphepete mwa nyanja ya Torneträsk, pafupifupi makilomita 200 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, kumene dzuwa sililowa kwa milungu ingapo m'nyengo yotentha ndipo silituluka kwa milungu ingapo m'nyengo yozizira. Kafukufuku anayamba m'chaka cha 1903 pamalo otchedwa Katterjokk, m'nyumba imene anasiya omanga njanji yonyamula miyala ya chitsulo kuchokera ku Kiruna kupita kudoko la Narvik ku Norway. Nyumbayo itapsa mu 1910, anamanga ina ku Abisko, ndipo kuyambira 1913 mpaka lero akhala akulemba za kutentha, mvula, kuzama kwa chipale chofewa, ndi masiku amene nyanjayo imaundana ndi kusungunuka. Chimene chinandigwira mtima kuposa zonse ndi kaundula ameneyu. Ntchito yake ndi yosatchuka, ya munthu wodzuka m'mawa kukuzizira koopsa kukawerenga choyezera n'kulemba nambala m'buku, koma chifukwa chakuti anthu anapitiriza kuichita ngakhale m'zaka za nkhondo ziwiri zikuluzikulu, lero akatswiri atha kusonyeza kuti avareji ya kutentha kwa pa chaka ku Abisko, imene kale inkakhala pansi pa madigiri 0, pamene madzi amaundana, yayamba kupitirira pamenepo. Pamalo pamene madzi ndi nthaka zimadalira kuundana, kusintha kwa digiri imodzi kumasintha zinthu zambiri.

Zokambirana za inshuwalansi, za malamulo ogulira katundu ndi za kalembedwe ka mafomu opemphera thandizo zinatenga nthawi yaitali, ndipo mapepala ake ndawasiya kwa a mlembi kuti ofuna awerenge.

Zimene ndikufuna kufotokoza mofatsa ndi za dambo la Stordalen, limene lili makilomita pafupifupi 10 kum'mawa kwa siteshoni. Pansi pa dambolo pali nthaka imene yakhala youndana chaka chonse kwa zaka zambirimbiri, ndipo madzi oundanawo amatukula nthaka kukhala timitunda touma. Tinayenda pa matabwa oyalidwa pamwamba pa dambo kuti tisaponde zomera zimene akuyeza, ndipo ndinaona ndi maso anga kamtunda kamene mbali yake imodzi yang'ambika n'kugwera m'chithaphwi cha madzi akuda, tizitsamba take titamira mpaka kunsonga. Nthaka ikasungunuka motere, zomera zakale zimene zinasungidwa mmenemo zimayamba kuwola m'madzi n'kutulutsa mpweya wa methane, umene umasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide. Akatswiri anayamba kuyeza dambo limeneli m'zaka za m'ma 1970, ndipo n'chifukwa chake lero akudziwa kukula kwa malo amene anali ouma kale koma tsopano ndi zithaphwi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, ndipo mpweya wochokera kumeneko sukhala kumeneko kokha.

Anatisonyezanso nkhalango ya mitengo ya birch imene inadyedwa ndi mbozi za kagulugufe kena kausiku. Mazira ake amafa kukazizira kufika pafupifupi madigiri 36 pansi pa 0, choncho nyengo yozizira ikafewa, mazira ambiri amapulumuka ndipo mbozi zimamaliza masamba a nkhalango yonse, monga zinachitikira ku Abisko mu 2004 ndi mu 2012. Anzathu a ku siteshoni ya Kevo ku Finland anakumbutsa kuti kwawo mbozi zomwezi zinapha mitengo pa dera lalikulu m'zaka za 1964 ndi 1965. Munthu wobwera kudzacheza kwa sabata imodzi angaone mitengo youma basi, koma amene ali ndi kaundula wa kuzizira wa zaka zonsezo amadziwa chimene chinachititsa.

Pa nkhani ya kuphunzitsa, chitsanzo chimene sindingachiiwale ndi cha phiri la Nuolja. Pakati pa 1917 ndi 1919, katswiri wa zomera Thore Fries anazika mitengo yazizindikiro kuchokera m'tsinde mpaka pamwamba pa phirilo, ndipo ankakwera mobwerezabwereza kulemba nthawi imene chipale chofewa chikusungunuka ndi nthawi imene zomera zikuphukira ndi kuchita maluwa. Patapita zaka 100 akatswiri ayambiranso kuyenda njira yomweyo, ndipo ambiri mwa amene amakwera ndi ophunzira. Wophunzira wotere amagona pa siteshoni, amadya patebulo limodzi ndi mapulofesa, amaphunzira kulemba nambala ndi zala zouma ndi chisanu, ndipo akadzaona nambala yomweyo pa kompyuta amadziwa kumene inachokera ndi mmene ingalakwikire. Ndili pamenepo ndinaganizira za ophunzira athu a chaka chomaliza amene atsala pang'ono kulandira madigiri a za chilengedwe asanagonepo usiku ngakhale umodzi pa siteshoni yathu ya kunyanja. Nkhani imeneyi ndinaidandaula kale pa msonkhano wathu wapachaka ndipo sinayankhidwe. Galimoto imene inagulidwa kuti izinyamula ophunzira imapezeka nthawi zonse pakakhala wekishopu ya akuluakulu, koma tikaipempha ife timauzidwa kuti mafuta palibe. Bambo amene amayang'anira siteshoniyo akhala akuwerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse popanda wowathokoza, kandalama kawo kowonjezera kanaimitsidwa popanda kalata, ndipo mabuku awo akale ndinawapeza ali m'katoni pansi, chiswe chitayamba kale m'mphepete.

Mfundo imene inavuta pa msonkhano wa ku Abisko uja inali yakuti, popeza kusunga antchito kumalo akutali n'kodula, mwina zipangizo zodziyezera zokha ndi zithunzi za setilaiti zingalowe m'malo mwa anthu. Ambiri anagwirizana kuti zipangizozo ziwonjezedwe koma antchito asachepetsedwe, ndipo ine ndinali mbali yomweyo, ngakhale ndikuona kuti mawu amene analembedwa anali ofewa kwambiri moti woyang'anira chuma aliyense angawamasulire mmene angafunire. Chipangizo chikaundana kapena batire ikatha pamafunika munthu woti aone tsiku lomwelo, ndipo setilaiti imafuna wina pansi wotsimikizira kuti chimene yajambula ndi chimenechodi. Kuipa kwa kaundula woduka kwaonekera bwino kuyambira 2022, pamene nkhondo ya ku Ukraine inaimitsa mgwirizano ndi masiteshoni a ku Russia, dziko limene lili ndi gawo lalikulu kwambiri la nthaka youndana. Anthu a pa msonkhanowo anagwirizananso kuti zotsatira za kuyeza ziziikidwa poyera kuti aliyense azigwiritse ntchito, zimene ndi zabwino kwa ife chifukwa titha kuphunzitsira nambala za ku Abisko m'kalasi popanda kulipira. Chimene sindinakhutire nacho n'chakuti nkhani ya anthu a mtundu wa Sámi, amene amaweta nyama zonga agwape zotchedwa reindeer m'dera lomwelo, inapatsidwa nthawi yochepa, chikhalirecho iwo ndi amene amavutika mvula ikagwa pa chipale chofewa n'kuundana, ziweto n'kulephera kufukula ndere zimene zimadya.

Tsopano ndifike pa zimene ndamva kuti zikukambidwa kuno ndili paulendo, zoti siteshoni yathu ibwerekedwe kwa wamalonda kuti ikhale malo ogona alendo chifukwa akuti sibweretsa ndalama ndipo ili kutali. Sindikugwirizana nazo. Kutalikirako ndiye phindu lake, popeza kumeneko munthu amayeza nyanja ndi nkhalango zimene tawuni sinazisokoneze. Kuno kwathu umboni tili nawo. Kafukufuku wa khate amene anayamba ku Chilumba m'boma la Karonga mu 1979 anadziwika pa dziko lonse chifukwa anatsatira anthu a m'midzi yomweyo kwa zaka zambiri. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo zimene timadziwa za kuuma kwake ndi kubwerera kwa nsomba zake timazidziwa chifukwa panali anthu amene ankayeza madzi zisanachitike. Tikatseka siteshoni yathu zaka zisanu n'kudzaitsegulanso, zaka zisanu zimenezo palibe ndalama imene idzazigule.

Ndikupempha a Wapampando kuti nkhani yobwereketsa siteshoni isapite kwa akuluakulu a sukulu bungwe lisanaikambirane pa msonkhano wa mamembala onse, ndiponso kuti komiti ilembe kalata yofunsa chifukwa chimene ndalama ya bambo oyang'anira siteshoni inaimitsidwira. Mabuku awo a mvula ndadzipereka kuwakopera pa kompyuta pamodzi ndi ophunzira anga teremu ikubwerayi, ngati komiti ingatipezere mafuta okawatengera.